Loweruka pa Santhe

A Kamtedza amakonda kulankhula Loweruka madzulo,
atakhala pakhonde la sitolo yawo,
makiyi a galimoto akulira m'thumba.
Akuti boma si amako.
Akuti munthu adye thukuta lake,
makuponi ndiwo aphunzitsa anthu kugona mpaka dzuwa kuswa mtengo,
mtukula pakhomo watukula ulesi basi.
Amuna a pabawo amavomera ndi mitu.
Ambiri mwa iwo ali m'buku la ngongole
lomwe lili pansi pa sikelo.

Ine ndimamata matayala patsidya pa msewu.
Guluu amafuna nthawi kuti agwire,
ndiye ndimamva zonse.

Malemu bambo anga anaphunzira nawo kalasi imodzi.
Ankati Kamtedza anapita kusekondale ndi nsapato zobwereka,
fizi n'kulipira boma, bulangete n'kupereka boma.
Munda wa fodya uja, wofika mpaka kudambo,
pepala lake linadindidwa muofesi ya boma,
ndipo mlangizi amene anawaonetsa kufesa nazale
sankalandira malipiro kuchokera m'thumba mwawo.
Anagwira ntchito, inde, sindiwalanda.
Koma anakwera mtengo pamapewa a anthu,
lero ali kunsonga akuti anabadwa ndi mapiko.

Ulesi?
Elufe Chadzunda ankadzuka tambala asanalire,
kusoka fodya wa eni mpaka zala kuda bii,
kulandira ndowa ya chimanga yolembedwa pangongole.
Usiku umene mimba inamuwawa Rusa anali atadzaza.
Mwamuna wake anaimika ngolo pagombe,
ng'ombe zikukana madzi,
chipatala chili uko, nyali yake ikuoneka.
Anabwerera mbandakucha, mwana atamufunda nsalu kumutu komwe.
Ndiuzeni, a Kamtedza,
banja limodzi lichite khama lotani
kuti limange mlatho?

Akuti abale alipo, mpingo ulipo, azithandizana.
Timathandizana, nanga maliro amaika ndani?
Koma chaka chimene mvula inadula mu Januwale
wopempha ndi wopemphedwa anakumana panjira,
aliyense atanyamula thumba lopanda kanthu,
aliyense akupita kwa mnzake.

Nanenso boma ndimalidziwa.
Ndaimapo pamzere kuyambira m'mawa
n'kuuzidwa kuti mankhwala atha, kagule kusitolo.
Ndaonapo dzina langa litasowa pamndandanda,
pamalo pake pali dzina la munthu amene tinaika kale.
Zimenezo zimandiwawa kuposa inu.
Koma denga likamadontha
sitilisasula n'kugona pamtetete.
Timakwera, timafolera, timatukwana wofolera woyamba,
ndipo timafunsa kumene udzu unapita.

Kolera itabwera sinafunse za khama la munthu.
Inamwa pachitsime chimodzi ndi tonse,
inalowa ndi pageti yachitsulo pomwe.
Mdzukulu wawo, Tadala, anathamangira naye ku Kasungu,
anagona pabedi la boma, diripi ya boma ili pamkono,
namwino wosagona masiku awiri akumutembenuza.
Anachira. Tinakondwa tonse.
Sabata yotsatira pakhonde panali zii.
Sabata inayo nkhani inayambiranso pomwe inalekera.

Dzulo abwera akukankha tayala lakumbuyo,
thukuta lili kamukamu pakolala.
Dzenje la pafupi ndi mphambano lawang'ambira chubu.
"Boma ili!" akutero,
"misonkho timapereka, msewu osakonza,
likudikira kuti munthu afe?"

Ndaviika chubu m'beseni,
ndayang'ana pomwe thovu likutulukira.
Ndinafuna kuwauza kuti funso lomwelo
mwamuna wa Elufe analifunsa pagombe la Rusa,
popanda womumva koma ng'ombe.
Koma nanenso ndili m'buku lija,
sopo ndi mchere, tsamba lachitatu.
Ndangoti, "Mabowo ndi awiri, bwana.
Mukamata limodzi, mpweya utulukira linalo."